Nkhanga za pa Chitenje Changa

Ndili ndi chitenje chabuluu chimene ndinagula mumsika wa Limbe kutatsala masiku ochepa kuti ndikwere ndege yobwera kuno ku Scotland. Pachitenjepo pali nkhanga zoyenda motsogozana, mzere pamwamba pa mzere, iliyonse yochepa ngati chala chachikulu cha kumanja, iliyonse ndi mawanga ake oyera. Apongozi anga aakazi anachikonda chitenjecho kuyambira tsiku loyamba. Ndikachivala Lamlungu, ankandiimika pakhomo n'kumaziwerenga nkhangazo ndi chala, uku akuseka. Ndiye tsiku lina atandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwanangu, nsalu yotuwayi mwagula liti?" mtima wanga unangoti myuu. Chinali chitenje chomwe chija.

Nditakhala pansi n'kuganiza, ndinaona kuti zizindikiro zinalipo kale. Mayi amene ankalukira majuzi banja lonse anali atatsekera zolukira zawo m'kabati, ati zala zikuwawa. Nyuzipepala zinkangobwera n'kumaunjikana patebulo. Tiyi ankathira pambali pa kapu. Anzawo a kutchalitchi akawapatsa moni pamsewu, ankayamba adikira kuti munthuyo alankhulenso kuti amuzindikire ndi mawu. Akuluakulu amadziwa kubisa matenda, kwathu ndi kuno chimodzimodzi.

Usiku umenewo apongozi anaulula zonse. Felemu ya chitseko cha kukhitchini inali itapindika ngati uta. Mizere ya m'buku la nyimbo inkayenda ngati njoka. Kenaka ananena mawu amene anatiliza tonse: "Ndikamuyang'ana mdzukulu wanga ndimaona tsitsi, ndimaona makutu, ndimaona kolala ya diresi, koma pakati pamene pali nkhope pamangokhala chimtambo." Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 4 nthawi imeneyo, ndipo agogo akewo ndi amene ankamuluka tsitsi m'mawa uliwonse. Chimene chinkawaopsa kwambiri chinali chakuti matendawa ankawadziwa. Amayi awo owabereka anamalizira moyo wawo pampando wa pawindo, akumvera wailesi, osaonanso nkhope ya munthu. Apongozi anali atayamba kale kuuyang'ana mpando wawo ndi maganizo omwewo.

M'mawa mwake bambo a kunyumba anawatengera kwa wopima maso, kusitolo yogulitsa magalasi. Kuno ku Scotland kupimitsa maso n'kwaulere kwa aliyense kuyambira mu 2006. Wopimayo anawapatsa kapepala ka timabokosi, kokhala ndi kadontho pakati, kamene kamadziwika ndi dzina la dokotala wa ku Switzerland, Marc Amsler. Anawauza kuti atseke diso limodzi. Atatseka lakumanja, anangoti kakasi: pakati pa pepala panali mdima bii. Diso lakumanzere linali litawonongeka kalekale, lili ndi chipsera, koma iwo osadziwa, chifukwa lakumanja linkagwira ntchito ya onse awiri. Tsopano lakumanjalo nalo linali litayamba. Kalata yopita kuchipatala inalembedwa tsiku lomwelo, pakuti madokotala a maso ku Britain amafuna kuti wodwala matendawa ayambe kulandira chithandizo pasanathe masabata awiri.

Kuchipatalako n'kumene ndinaonera koyamba m'kati mwa diso la munthu. Apongozi anatsamiritsa chibwano pamakina, kuwala kunadutsa, basi. Dokotala anatembenuzira kompyuta kwa ife. Makinawa amawatcha OCT. Anatulukira ku MIT, ku America, mu 1991, ndipo amajambula ndi kuwala ngati akudula diso chopingasa, koma osalikhudza. Chithunzicho chinandikumbutsa gombe la mtsinje madzi osefukira akaligumula, pamene umaona dothi litasanjikana mizeremizere. Mizere imeneyo ndiyo retina, kansalu kopyapyala ka kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala. Pakati pake pali kamalo kotchedwa macula, kakang'ono ngati njere ya mphodza, mamilimita 5 n'kanthu. Kuwerenga, kulowetsa ulusi pasingano, kuzindikira nkhope, zonsezi zimadalira kanjere kameneka. Mbali zina za retina zimaona zam'mphepete, n'chifukwa chake apongozi ankayenda m'nyumba osagunda mipando koma nkhope osaiona.

Dokotala anayamba watisonyeza chithunzi cha diso labwino. Mizere yake inali yosalala, pakati pali kachigwa kokongola. Kenaka anaika cha apongozi. Pamalo pa kachigwa panali chulu, ndipo m'kati mwa chulucho munali timabowo takuda ngati zisa za njuchi.

"Zakudazi ndi madzi," anatero.

Anatifotokozera kuti ukalamba umawononga macula m'njira ziwiri. Yofala ndi youma, imene imadya maso pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Inayo ndi yonyowa, imene iwo amati wet AMD. Imagwira anthu ochepa, koma imathamanga: m'masabata owerengeka munthu akhoza kusiya kuwerenga. Pansi pa macula pamamera timitsempha ta magazi tosafunika, tosalimba, timene timachucha madzi ndi magazi. Madziwo amatupitsa retina n'kuitukula, mizere yowongoka n'kuyamba kuoneka yokhota. Akalekerera, pamabwera chipsera, ndipo chipsera sichichoka. Chimene chimameretsa timitsemphato ndi puloteni yotchedwa VEGF, imene Napoleone Ferrara anaizindikira bwinobwino mu 1989 ali kukampani ya Genentech. Mankhwala ake ndi otsekereza VEGF ameneyu, ndipo amabayidwa m'diso mwenimwenimo.

Apongozi atamva za jakisoni wa m'diso anagwira chikwama chawo kuti azipita. Ndinawagwira mkono. "Amayi, khalani pansi. Amayi anu aja mwayi umenewu sanaupeze." Ndipo zinali zoona. M'nthawi ya amayi awo kunali kuwotcha timitsemphato ndi laser, kumene kunkasiyanso chipsera chake. Zinthu zinasintha mu 2005 pamene dokotala wa ku Miami, Philip Rosenfeld, anabaya m'diso kamlingo kochepetsetsa ka Avastin, mankhwala amene anapangidwira khansa ya m'matumbo, madzi n'kuphwa. Chaka chotsatira, mu 2006, Lucentis anavomerezedwa ku America. Pa kafukufuku wake wamkulu wotchedwa MARINA, pafupifupi odwala 95 pa 100 aliwonse amene anabayidwa anasunga maso awo kwa chaka osatsika kwambiri, ndipo mmodzi mwa atatu anayamba kuwerenga mizere itatu yoonjezera pabolodi ya zilembo. Ku Denmark, chiwerengero cha okalamba ochita khungu chaka ndi chaka ndi matendawa chinatsika ndi theka pakati pa 2000 ndi 2010.

Anakhala pansi. Namwino anawagoneka pampando wopendekeka, n'kuwadonthezera mankhwala ochititsa dzanzi, kenaka ayodini wofiirira wopha tizilombo. Anaika kachitsulo kotsegula zikope kuti asaphethire. "Yang'anani m'mwamba, chakumanzere." Singano yake ndi yopyapyala kwambiri, imalowa pachoyera cha diso, ndipo mankhwalawo ndi dontho limodzi lokha, mamililita 0.05. Ine ndinali nditangoyamba kupemphera chamumtima pamene ndinamva apongozi akufunsa kuti, "Mubaya liti?" Namwino anaseka. "Tabaya kale, agogo." Tsiku limenelo diso linkanyerenyetsa ngati mwalowa mchenga, ndipo ankaona timadontho takuda tikuyandama, koma pofika mawa lake zonse zinali zitatha.

Anayamba ndi majakisoni atatu, mwezi ndi mwezi. Atabayidwa woyamba anati felemu ya chitseko yayamba kuwongoka. Sitinafune kukondwa msanga. Koma patapita sabata chibayidwire wachiwiri, Lamlungu m'mawa, ndikutsika masitepe nditavala chitenje chija, ndinamva kukuwa.

"Nkhanga! Nkhanga zabwera! Imani pomwepo, musasunthe!"

Anabwera chothamanga, mayi wa zaka zoposa 70, patapata wina atavuka. Anagwada pansi n'kuyamba kuwerenga ndi chala: imodzi, ziwiri, zitatu, mpaka anafika m'mphepete mwa nsalu. "Ndi mawanga omwe ndikuwaona! Taonani, iyi ili ndi kamlomo kofiira!" Kenaka anatembenuka n'kumugwira mdzukulu wawo masaya ndi manja awiri, kumuyang'anitsitsa nthawi yaitali. "Iwe, dzino ili lathyoka liti?" Dzinolo linali litathyoka pang'ono miyezi iwiri m'mbuyomo. Ine nthungululu inangotuluka yokha, ya kwathu yeniyeni, yogwedeza mawindo. Aneba anagogoda kudzafunsa ngati kwagwa zovuta, ndipo anatipeza tikuvina m'khitchini, apongozi atadzimanga chitenje changa china m'chiuno chokhotakhota, bambo a kunyumba akuimba ng'oma patebulo. Kutchalitchi tinafika mochedwa, ndipo apongozi anapatsa moni munthu aliyense pomutchula dzina asanatsegule pakamwa.

Kwathu amati madzi akatayika saoleka. Awa anaoleka. Pachithunzi cha mwezi wachitatu chulu chija chinali chitaphwa, zisa zakuda zitatsekeka, kachigwa katabwerera pamalo pake. Zolukira zinatuluka m'kabati. Juzi yoyamba inali yanga.

Ine ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Dokotala anapukusa mutu. Mankhwalawa satha timitsempha tija, amangotitseka pakamwa, ndipo mphamvu yake ikatha m'diso kuchucha kumayambiranso. Ndiye anatiuza dongosolo lake: nthawi iliyonse tikabwera ajambula, abaya, ndipo akapeza kuti m'diso ndi mouma atalikitsa ulendo wotsatira ndi masabata awiri. Madzi akabwerera, afupikitsanso. Motero tinachoka pa masabata 4 kupita pa 6, kenaka pa 8, kufunafuna mpata umene diso la apongozi lingapirire. Diso lililonse lili ndi wake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku kwatitengera zaka 7 tsopano.

M'zaka zimenezi ndaphunzira kuwerenga zithunzi zija ngati mlimi awerenga mitambo, ndipo chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti madzi a m'diso si amodzi. M'chaka chachiwiri, pansi pa retina panatsala kamzere kakuda kopyapyala kamene sikankachoka ngakhale abaye motani. Ine kankandisowetsa tulo. Apongozi ankawerenga bwinobwino, koma ine maso anali pakamzereko. Tsiku lina ndinafunsa kuti, "Adokotala, bwanji osawabaya pafupipafupi mpaka katheretu?" Anatenga pepala n'kujambula malo atatu amene madzi amakhala: m'kati mwa retina mwenimwenimo, pansi pake, ndi pansi pa kansalu kena kamene retina imagonapo. Anati oopsa kwambiri ndi a m'kati, aja a zisa za njuchi, chifukwa amalowa pakati pa maselo oonera n'kuwawononga. Amenewo sawalekerera ngakhale pang'ono. Koma a pansi, akakhala ochepa ndiponso osasinthasintha, nthawi zambiri diso limakhala nawo mwamtendere.

Pomwepo ndinakumbukira nyumba ya agogo anga ku Dedza, ya zidina zosawotcha. Chinyezi chikakhala pansi pa mphasa, agogo sankatekeseka, ankangochiyang'anira. Koma madzi akalowa m'kati mwa khoma, ankadzutsa mudzi wonse, chifukwa khoma lonyowa m'kati limagwa. Nditamuuza dokotala fanizoli anati alibwereka.

Zimenezi sanazitole pamsewu. Ku America kunachitika kafukufuku wotchedwa CATT, wa odwala pafupifupi 1,200, amene zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 2011. Cholinga chake chinali kuyerekeza Avastin, amene nthawi imeneyo anali wa madola pafupifupi 50 pa jakisoni, ndi Lucentis, amene anali wa madola pafupifupi 2,000, ndipo anapeza kuti pa nkhani ya kuona amagwira ntchito mofanana. Koma zithunzi za odwalawo zinaphunzitsanso china: maso amene anali ndi madzi m'kati mwa retina ankaona moperewera, pamene amene anali ndi madzi pansi pake ankaona bwino, nthawi zina kuposa maso ouma gwa. Kenaka ku Australia, Robyn Guymer ndi anzake anayesa dala nkhaniyi pa kafukufuku wotchedwa FLUID, amene anatuluka mu 2019. Gulu lina ankalibaya mpaka dontho lililonse lithe. Gulu lina ankalilola kukhala ndi madzi a pansi osapitirira ma micrometre 200, ndiko kuti milimita imodzi itagawidwa pasanu. Patatha zaka ziwiri magulu onsewa ankaona mofanana, ndipo lachiwirilo linabayidwa mocheperako. Si kuti madzi a pansi ndi abwino ayi. Akakhala atsopano kapena akamachuluka, ndiye kuti matenda adzuka, ndipo amafuna jakisoni. Koma kamzere ka apongozi kanali kofatsa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kugona tulo.

Chimene chinatipweteka chinabwera mu 2020. Mliri wa Covid-19 utafika, apongozi anachita mantha ndi chipatala, ndipo ifenso tinachita nawo mantha. Anadumpha maulendo awiri. Pofika wachitatu felemu ya chitseko inali itapindikanso, ndipo pachithunzi zisa zija zinali zitabwerera, chulu chitaima njo. Anawabwezera pa jakisoni wa mwezi ndi mwezi, madzi anaphwanso, koma mzere umodzi wa zilembo pabolodi sunabwerere mpaka lero. Retina imadana ndi kutupa n'kuphwa, kutupa n'kuphwa. Chaka chomwecho ofufuza anabwereranso ku zithunzi za CATT ndi za kafukufuku mnzake wa ku Britain wotchedwa IVAN, ndipo anapeza kuti maso amene ankasinthasintha kwambiri makulidwe ndi amene ankathera ndi zipsera ndi kuona koperewera. A CATT omwewo atalondola odwala awo patatha zaka 5, anapeza kuti kuona kumene anapindula m'zaka ziwiri zoyamba kunali kutatsikanso, nthawi imene ambiri ankabayidwa mwa apo ndi apo. Komabe theka la iwo ankaonabe mokwanira kuwerenga ndi kuzindikira nkhope, chinthu chimene m'nthawi ya amayi awo a apongozi chinali loto. Mzere wotayika uja umandiwawa ndikaukumbukira. Koma kuchokera pamenepo apongozi sanadumphenso tsiku, kugwe chipale chofewa, kuombe mphepo. Tsiku la jakisoni amadzuka m'mamawa, kuvala juzi yofiira, ndipo amanyamulira anamwino mabisiketi ophika okha.

Mu 2022 kunabwera mankhwala ena, faricimab, amene amagulitsidwa ndi dzina la Vabysmo. Amatsekereza VEGF pamodzi ndi puloteni ina yofooketsa timitsempha, ndipo odwala ena amatha kukhala masabata 16 osabayidwa. Apongozi atawasinthira ku amenewa, mpata unayamba kukula: 10, 12, 14. Tsiku limene dokotala ananena kuti, "Tionane pakatha masabata 16," apongozi anawerenga pazala, n'kunditembenukira maso ali ngwee.

"Mwanangu, imeneyo ndi miyezi pafupifupi inayi. Ku Malawi n'kupita n'kubwera."

Anali atalakalaka ulendowu kuyambira tsiku la ukwati wathu, koma kalendala ya chipatala sinkalola. Tinagula matikiti sabata yomweyo.

Kumudzi anthu anadabwa kumva kuti mayi woluka mwaluso choncho amabayidwa m'diso. Kwathu khungu la okalamba timalidziwa kwambiri ndi ng'ala, ndipo matenda a apongoziwa amagwira azungu kuposa ife anthu akuda. Koma jakisoni yemweyu ndi amenenso amaphwetsa macula ikatupa chifukwa cha matenda a shuga, amene achuluka m'mabanja mwathu, ndipo Avastin wotchipa uja ali pamndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO kuyambira mu 2013. Madzulo ena apongozi anasonkhanitsa amayi pakhonde, ine ndikumasulira. Anawauza kuti aliyense atseke diso limodzi ndi chikhatho n'kuyang'ana nsanamira, kenaka atseke linalo. Panali phwete, ana akutsanzira. Koma azakhali anga, amene akhala ndi shuga zaka zambiri, anakhala chete diso limodzi lili chitsekere. "Nsanamirayi yapindika," anatero. Mlungu womwewo achimwene anawaperekeza ku Blantyre, kuchipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth.

M'mawa wa tsiku lachisanu tinapita kumunda dzuwa lisanakwere. Kunali mame, udzu utauma chifukwa inali nyengo ya chisanu. Mwana wanga, amene tsopano ndi wamtali kufika paphewa langa, anali patsogolo. Mwadzidzidzi apongozi anandikoka chitenje n'kuika chala pakamwa. Ine ndinali ndisanaone kanthu. Analoza kutsidya kwa mizere ya chinangwa, ndipo m'mphepete mwa tchire munatuluka nkhanga, yoyamba, yachiwiri, zinazo pambuyo, motsogozana ndendende ngati pansalu paja.

"Zisanu ndi ziwiri," ananong'ona m'Chichewa chawo chophunzira kwa mdzukulu. "Ayi, dikirani, kuli kena kakang'ono kumbuyo."

Tinaima osapuma mpaka kankhanga kaja kanatulukadi m'maudzu, kakuthamangira amake. Apongozi anatsegula chikwama kuti atenge foni ajambule, ndipo kakhadi kachipatala kanagwera pamame. Mdzukulu wawo anakatola n'kukapukuta padiresi.

"Agogo, kwatsala masabata angati?"

"Khumi ndi limodzi," anayankha osachotsa maso pankhanga. "Kasunge bwino kameneko. Tiyeni tiziyandikire pang'ono, ndikufuna ndione mawanga."